ANabanda ndi kamlonda kawo

Chaka cha 2012 ndinali ndi zaka 64. Ndi chaka chimene tinaika akulu anga aYesaya Phiri, ndipo panatsala pang'ono kuti tikumbe manda awiri. Achiwiriwo akanakhala a mkazi wawo, alamu anga aNabanda. Sitinawakumbe. Mayiwo anakhalabe ndi moyo mpaka mwezi wathawu. Ndikulemba izi chifukwa pa maliro awo abusa ananena kuti anali mayi wofatsa. Abusawo ndi achilendo pampingo pathu, sindiwaimba mlandu. Koma aNabanda sanali wofatsa, ndipo akanakhala wofatsa bwenzi titawaiwala kale.

Anabwera ku Kitwe kuchokera ku Katete ali mtsikana, akulu anga atapeza ntchito yapansi pa mgodi. Ine ndinawatsatira pambuyo pake, n'kukhala m'nyumba mwawo mpaka nditakwatira. Ndiwo anandiphunzitsa kusita buluku. Anandiphunzitsa kamodzi basi, n'kundiuza kuti manja ndili nawo awiri ngati iwo.

Ankagulitsa nyemba ndi mtedza kumsika wa Chisokone, mumzere wa kuseri kwa osoka zovala. Chitini chawo choyezera sichinali chobonyola pansi ngati za ena, ndipo ankanena zimenezi mokweza kuti oyandikana nawo amve. Pogulitsa ankalankhula Chibemba. Pokalipa ankabwerera ku chilankhulo cha kwathu, ati Chibemba n'chofewa, sichipweteka. Ankadana ndi munthu wolankhula akutafuna. Ankadana ndi kwaya yoimba ndi makina. Mwamuna akagona m'tchalitchi, ankamudikira panja n'kumufunsa ngati kunyumba kwake kulibe bedi.

Ine ndi iwo tinkakangana kawirikawiri. Tinakangana za mpanda, za sukulu ya ana, za nyimbo yoyenera kuyamba pa ukwati. Ankati amuna a mu mgodi tonse ndife ogontha, ena chifukwa cha makina, ena mwadala, ndipo ine ankandiika m'gulu lachiwirilo. Ndinkawayankha. Sindinali munthu wongokhala chete. Koma ndikawerenga bwino, milandu yomwe ndinawina ndi yochepa.

Matenda anawayamba zaka zisanu ndi chimodzi akulu anga asanamwalire. Poyamba kunali kutentha thupi ndi kutopa. Anamwa mankhwala a malungo, osasintha. Anaonda mpaka chitenje chinkawazungulira kawiri. Anawayeza chifuwa chachikulu, osachipeza. Kenako m'miyendo munatuluka madontho akuda ofiirira, ena n'kusanduka zilonda, ndipo phazi lamanzere linafa dzanzi n'kuyamba kukhwekhwerezeka. Achibale anayamba kutchula mayina a anthu a pamsika omwe akanawaponda. Wina anabweretsa mizu. ANabanda anaiika pa mbaula n'kuwiritsira madzi osamba.

Mwana wawo wamkazi, Mesi, ndiye anawatengera ku chipatala chachikulu ku Ndola, n'kumawasunga kwa mnzake ku Kanini pa masiku oyezedwa. Kumeneko dokotala wina wamkazi anadula kachikopa pamwendo n'kukatumiza kuti akakaunike. Yankho litabwera anatiitana. Anati mitsempha yoyenda magazi yatupa, ndipo chotupitsa si kachilombo ayi, ndi thupi lomwe lasokonezeka n'kuyamba kumenya mitsempha yake. Anati matendawa sapatsirana, ndi osowa kwambiri, ndipo akalekereredwa amafika ku impso. Akulu anga anagwetsa nkhope. ANabanda anamanga bwino mpango wawo n'kunena kuti ankadziwa kale kuti iwo sangadwale matenda a aliyense.

Miyezi yoyamba ankameza mapilisi odzaza chikhatho, kuwonjezera mankhwala ena a m'diripi. Zilonda zinauma. Nkhope inafufuma ngati dzungu. Ankadya kuposa mwamuna wochoka pa shifiti. Atabwerera kumsika, atsikana ena anayamba kuwazungulira, kupempha kuti awagaireko mapilisi onenepetsawo kuti nawonso atuluke m'chiuno. Mmodzi anawalonjeza chitenje chatsopano. Anamuthamangitsa ndi chipande choolera nyemba, akumuuza kuti akafuna mapilisiwo atenge kaye ndi matenda omwe.

Dokotala anachepetsa mapilisiwo pang'onopang'ono mpaka panatsala kamodzi, koyera, kochepa kuposa nyemba yomwe ankagulitsa. Dzina lake ndi prednisolone. Ana ndiwo amalitchula bwino. Panthawi ina dokotala anayesa kukachotseratu, mwa dongosolo lake, koma madontho aja anabweranso m'miyendo. Ndiye anagwirizana kuti kakhale. Malamulo anali atatu. Kumwa m'mawa uliwonse ndi chakudya m'mimba. Osasiya mwadzidzidzi, chifukwa thupi likazolowera kulandira chinthuchi limaleka kupanga lokha, ndipo ukalimana lingathe kugwa. Ukayamba kusanza, kuthamangira ku chipatala kukabayitsa jakisoni.

ANabanda ankakatcha kamlonda. Ankafotokoza kuti matendawo ndi wakuba amene sanachoke m'komboni, wangokhala kuseri kwa mpanda, ndipo munthu wanzeru sachotsa mlonda chifukwa chakuti chaka chino sanaberedwe. Ankanenanso kuti mlonda amadya, ndipo ankadziwa kuti akudya m'mafupa mwawo. Sankabisa zimenezo.

Ine ndinawauza kuti asiye msika apume. Anandifunsa ngati ndikufuna kuwadyetsa ine. Ndinati inde. Anati nsima ya mlamu imabwera ndi malangizo, iwo safuna. Tinatha mwezi osalankhulana. Atayambanso kundilankhula, anayamba ndi kundituma.

Anthu sanachedwe kunong'ona. Munthu womeza pilisi tsiku lililonse, kuno kwathu amamuganizira matenda amodzi okha. Atamva, anasiya kumwera kunyumba. Ankafika pamsika, n'kugula tiyi ndi banzi, n'kukweza kapilisiko m'mwamba pakati pa zala ziwiri.

"Onani bwino, mukauze anzanu," ankatero. "Ndipo ngati ena mwa inu muli ndi anu omwe mukubisa pansi pa matiresi, katengeni timwere limodzi. Tiyi ndigula ndine."

Ndinamva kuti amayi awiri anakatengadi.

Mneneri wina wa tchalitchi cha m'kalasi ya sukulu anawapeza pamsika pomwepo. Anawauza kuti achira kale, ataye botolo ngati umboni wa chikhulupiriro. Mneneriyo anali atavala mandala. Anamuuza kuti ayambe iye kutaya mandalawo, akawoloke msewu wa minibasi, akafika tsidya lina iwo ataya botolo. Sanabwerenso.

Tsopano ndinene za maliro aja.

Akulu anga anagwa pakhonde masana akukonza njinga, osadzukanso. Sanadwalepo. Maliro anakhala kunyumba kwawo ku komboni ya Ndeke. Monga mwa mwambo, mipando inatulutsidwa, amayi analowa m'nyumba, amuna tinakhala panja mu tenti. Mkazi wamasiye amakhala pansi pakona, atafunda, achibale a mwamuna atamuzinga. Salankhula mokweza. Sayankha alamu ake. Chakudya sapempha, amachita kukakamizidwa, ndipo akalandira amangolawa. Mesi anali ku malire a Nakonde kokagula katundu, ndipo kuika kunayenera kudikira iye ndi abale a kumudzi.

Oyamba kufika kuchokera ku Katete anali alongo athu aakulu, aTikambenji, ndi amayi ena awiri. ATikambenji sanali munthu woipa. Anatilera ife amayi atamwalira, ndipo Yesaya anali mwana wawo wapamtima. Koma za m'tauni sankazikhulupirira. M'mawa mwake anaona wamasiye akunong'oneza mayi wina wa kumpingo kuti amubweretsere phala, kenako akumasula kabotolo pa mfundo ya chitenje.

"Chimenecho n'chiyani, mlamu?"

"Mankhwala anga, alamu."

"Mwamuna wanu ali ku mochale, inu njala yakugwirani kale? Mankhwala anji omwera pa maliro?"

"Ndi a ku chipatala."

"Zaka zonsezi timamva kuti wodwala ndinu. Lero wafa ndi wina. Bweretsani kuno."

Anatenga botolo n'kuliika m'chikwama mwawo, n'kuchikhalira. Anati likhala mmenemo mpaka tiike maliro, akulu a banja alione. ANabanda, amene pamsika sankasiya mawu a munthu agwe pansi, anakhala chete, chifukwa malo amene anakhalawo salola kuyankha. Anangonong'oneza mayi wa kumpingo uja kuti mankhwalawo sasiyidwa. Mayiyo anaopa kulowerera za banja la eni, anangoti pirirani, masiku ake ndi ochepa. Ife amuna sitilowa m'nyumba ya maliro. Ine ndinali pa bokosi, pa mapepala, pa nkhuni. Palibe amene anandiuza.

Tsiku loyamba linadutsa. Lachiwiri anayamba chizungulire, akulephera kukhala tsonga. M'mawa wachitatu anasanza, thukuta lozizira lili thupi lonse. ATikambenji anati ndi chisoni. Mmodzi wa anzawo aja anati mwina mwamuna akuwaitana, ndipo ananena zimenezi mokweza.

Pali chinthu chimodzi chimene wamasiye amaloledwa. Akalowa anthu atsopano odzapepesa, iye amayambitsa kulira, ndipo polirapo amanena zimene zili mumtima. Palibe amene angadule kulira kwa wamasiye. Ngakhale mfumu imadikira athe.

M'mawa umenewo kunafika amayi a ku Chisokone, ambiri a iwo Abemba, atatsogozedwa ndi Bana Chanda, ogulitsa kapenta pa tebulo loyandikana ndi la aNabanda. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya. Pa maliro athu iwo ndiwo amaphika, amatipaka ufa, amatinyoza kuti timadya mbewa. Pa maliro awo ife timabwezera, n'kuwakumbutsa za anyani. Chilichonse chimene mbuya wachita pa maliro, sukwiya nacho. Ukakwiya wadzichotsa ulemu wekha.

ANabanda anawaona akulowa. Mawindo anali otsegula, ndipo ife mu tenti tinamva zonse. Mawu anali ofooka, koma ankamveka limodzilimodzi.

"Mayo ine, aPhiri, mwandisiya! Mwandisiya m'manja mwa alongo anu, aPhiri! Kamlonda kanga kali m'chikwama chobiriwira, achikhalira, aPhiri! Mayo ine, munkandiperekeza ku Ndola ndinu, munamva nokha zimene ananena dokotala! Sendezani, aPhiri, ndikonzereni malo, ndikubwera, koma sindikubwera mwa kufuna kwanga!"

Ndinaimirira. Ndisanafike pakhomo, mkati munali mutayamba kale.

"Mwe bantu!" anakuwa Bana Chanda. "Ndamva fungo! Awe, muno muli mbewa! Imwe a kum'mawa, mwabwera ndi mbewa pa basi, mukudya nokha!"

Ndinaima pakhomo n'kuona. Bana Chanda ndi mayi wamkulu thupi. Anatapa ufa m'beseni ndi manja awiri n'kuukhuthula pamutu pa aTikambenji. Kenako anawakhalira pamiyendo.

"Mkazi wanga, wakalamba bwanji osandiuza? Tiye, nyamuka, ndione zimene waikira mazira."

"Ndisiyeni, inu, tili pa maliro!" anatero aTikambenji, akulavula ufa.

"Maliro ndi anga awa, wafayu ndi kapolo wanga. Bana Mwape, gwirani mwendo uwo!"

Amayi awiri anawanyamula m'mwamba ngati thumba la makala. Chikwama chinatsala pansi. Bana Chanda anachitembenuza pamphasa. Munatuluka buku la nyimbo, kabotolo ka fodya wa m'mphuno, chinangwa chootcha, nsapato imodzi ya pulasitiki, ndi botolo la mapilisi. Amayi a kumpingo, amene kwa masiku awiri anali atakhala chete, anayamba kuseka m'mipango.

"Onani mbewa zake zazing'ono!" Bana Chanda anagwedeza botololo. Kenako anagwada pamaso pa aNabanda, mawu n'kusintha. "Bana Mesi, mwaiche wanga, mng'ono wanga, tsegulani pakamwa."

ANabanda anakana ndi mutu.

"Ndisanza. Pafika pa jakisoni. Muuzeni mlamu wanga wogontha uja apeze galimoto."

Ndinali pomwepo. Panja panali kalole kamene kanabweretsa nkhuni. Ndinauza dalaivala kuti alize injini. Ine ndi ana awo aamuna awiri tinawanyamula. ATikambenji anaima pakhomo, mutu uli mbuu, nati wamasiye satuluka m'nyumba maliro asanaikidwe. Ndinawayankha kuti alongo, bokosi ndagula limodzi. Anapatuka.

Ku chipatala anapeza kuti magazi akuyenda mofooka kwambiri. Anawabaya jakisoni, n'kuwaika diripi. Namwino anandiuza kuti tikanazengereza mpaka mawa lake, nkhani ikanakhala ina. Pofika madzulo anatsegula maso bwinobwino n'kundifunsa ngati amayi a pa khitchini sakuba mafuta ophikira. Ndinadziwa kuti abwerera.

Kuika tinakusuntha ndi tsiku limodzi. Dokotala anawalola kutuluka atawauza kuti awonjezere mapilisi kwa masiku angapo, kenako abwerere pa kamodzi kaja. Anafika ku Ndeke m'mawa wa tsiku loika, pulasitala ili padzanja. Sanalowe m'nyumba. Anakhala pa sitepe ya khonde, pamaso pa tenti yonse, pa akulu ampingo ndi abale a kumudzi, n'kuitanitsa phala. Anadya mbale yonse osafulumira. Anameza mankhwala awo. Kenako anatembenuka.

"Alamu aTikambenji, phala lilipo lambiri. Kumanda ndi kutali."

ATikambenji anayandikira. Kenako anakhala pa sitepe yomweyo n'kulandira mbale.

Kumanda aNabanda anayenda okha kuchokera pa galimoto mpaka pa dzenje, phazi lija likukhwekhwerezeka m'fumbi. Mesi anafuna kuwagwira mkono, anamukankha. Anaponya dothi lawo, n'kulira mwamuna wawo kulira kwenikweni, kopanda mawu. Pamenepo ndi pamene nanenso ndinalira.

Nkhaniyi sinathere pa ife. Kuyambira chaka chimenecho, maliro aliwonse a mumpingo mwathu aNabanda ankafika oyamba. Asanapereke moni, ankalunjika pakona pa wamasiye n'kufunsa mokweza ngati pali mankhwala amene amamwa, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, kaya ena alionse, ndi amene wawasunga. Kenako ankaitanitsa phala n'kukhala pomwepo mpaka litatha. Abale ena ankang'ung'udza. Ankawayang'ana mpaka atasiya. Lero amayi a kumpingo amachita zimenezi okha, ndipo atsikana amaganiza kuti ndi mwambo wakale.

ATikambenji sanapepese ndi pakamwa. Anthu a msinkhu wawo sapepesa. Koma chaka chilichonse akakolola ankatumiza thumba la mtedza pa basi, ndipo aNabanda ankaugulitsa padera, akuuza ogula kuti uwu ndi wa munda wa mdani wawo, ndi wabwino kuposa wina wonse. ATikambenji atadwala miyendo anabwera ku Kitwe, n'kugona m'nyumba yomweyo miyezi ingapo. Amene ankawakumbutsa nthawi ya mapilisi mukumudziwa.

ANabanda anakwatitsa zidzukulu ziwiri. Anamanga zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba. Ku Ndola ankapita okha pa basi nthawi iliyonse yoyezedwa, ndipo madokotala atatu anasinthana pa iwo, mmodzi n'kupuma ntchito iwo akadali pamzere. Wakuba uja sanalumphenso mpanda. Chinawatenga ndi chibayo, mwezi wozizira, masana, Mesi atawagwira dzanja. Kamlonda kawo anali atakamwa m'mawa umenewo.

Loweruka lapitali ndinapita ku Chisokone kukatenga zinthu zawo. Tebulo lili pomwepo, lopanda kanthu. Matabwa ake ndi osalala pakati, pamene matumba ankakhala, ndipo m'mipata mwatsekeka makoko a nyemba. Kampando kawo wina wakagoneka pansi pa tebulo. Mnyamata wogulitsa zikwama za mafoni wayamba kusendeza katundu wake chakumeneko, koma sanafike. Mumzeremo mukumveka makina a osoka. Kale sankamveka, mawu a aNabanda ankawaphimba.

Ndinakhala pa kampandoko n'kuwerenga zimene matenda ndi mankhwala ake anawalanda. Phazi limodzi, limene silinamvenso. Diso limodzi, la ng'ala. Shuga wa mu tiyi, amene anawaletsa. Fupa la padzanja, linathyoka n'kulumikizika mokhota. Msinkhu wokwana chikhatho, umene msana unapinda. Zatha pamenepo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu za moyo chiyambire matendawo zinali zawo, sanagaireko munthu.